Kasamalidwe ka Munthu Wobaya Insulini Pakhomo

Mwana wa mchemwali wanga anabwera kudzakhala nafe ku Area 25 ali ndi zaka 13, patangopita miyezi iwiri chimupezereni ndi matenda a shuga. Anafika ndi kachikwama kokhala ndi mabotolo awiri aang'ono a insulini, lina la mankhwala oyera ngati madzi, lina looneka ngati mkaka wosungunula, masirinji owerengeka, ndi kabuku ka kuchipatala kolembedwa manambala amene ife a m'nyumba sitinkawamvetsa. Chifundo tinali nacho chochuluka, koma chifundo sichidziwa kuyeza mayuniti, omwe ndi muyeso wa insulini, ndipo m'miyezi yoyambirira tinalakwitsa zinthu zimene zikanatha kumutayitsa moyo. Ndalemba malangizo awa kaamba ka mabanja amene ali pamene ife tinali. Kuchuluka kwa mankhwala kumene munthu aliyense ayenera kubaya amakhazikitsa ndi dokotala, ndipo nambala ya wodwala wina siyenera kutengedwa n'kupatsidwa mnzake. Koma kusunga mankhwalawo, kuwabaya bwino, kuwagwirizanitsa ndi chakudya ndiponso kuzindikira ngozi ndi ntchito yochitikira pakhomo, ndipo iyenera kudziwika kwa anthu osachepera awiri m'nyumbamo kuwonjezera pa wodwalayo.

Kudziwa chimene mukubaya

Insulini ndi homoni, kutanthauza kuti ndi amodzi mwa timadzi timene tiziwalo tina ta m'thupi timathira m'magazi kuti tikalamulire ntchito za ziwalo zina zakutali. Imapangidwa m'kapamba, chiwalo chogona chopingasa kuseri kwa chifu, m'timagulu ta maselo timene Paul Langerhans anatifotokoza koyamba ku Berlin mu 1869. Munthu akadya nsima, mbatata kapena mpunga, chakudyacho chimagayidwa n'kusanduka shuga amene amalowa m'magazi, ndipo insulini ndiyo imachititsa kuti shugayo achoke m'magazimo n'kulowa m'minofu kukapereka mphamvu, wotsalayo n'kukasungidwa m'chiwindi. Kapamba yemweyo amapanganso homoni ina yotchedwa glucagon, imene imauza chiwindi kuti chitulutse shuga wosungidwa uja pamene wa m'magazi wayamba kuchepa. Mwa munthu wabwinobwino mahomoni awiriwa amasinthana ntchito usana ndi usiku iye osadziwa n'komwe.

M'matenda a shuga a mtundu woyamba, amene amakonda kugwira ana ndi achinyamata, chitetezo cha thupi chimawononga maselo opanga insulini, kotero munthuyo sangakhale ndi moyo popanda kubaya. M'matenda a mtundu wachiwiri, omwe ndi ochuluka kwambiri pakati pa akuluakulu, thupi limapangabe insulini koma silimvera bwino, ndipo ambiri amayamba ndi mapiritsi monga metformin, n'kudzafika pa jakisoni kapamba akatopa. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS amene anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Frederick Banting ndi Charles Best asanatulutse insulini m'kapamba ku Toronto mu 1921, mwana wogwidwa ndi mtundu woyamba sankakhalitsa. Woyamba kubayidwa anali Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14, mu Januwale 1922. Ndikutchula mbiriyi chifukwa pali abale amene amaona jakisoni ngati chizindikiro chakuti matenda afika pothera, pamene zoona zake n'zakuti akungobwezeretsa chinthu chimene thupi linayenera kudzipangira lokha.

Phunzirani kusiyanitsa mabotolo. Insulini yofulumira ya mtundu wa Actrapid, yomwe ndi yoyera ngati madzi, imayamba kugwira ntchito pakatha mphindi pafupifupi 30, mphamvu yake imafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo imatha pakadutsa maola 6 mpaka 8. Yamkaka, monga Insulatard kapena Protaphane, imayamba mochedwerapo, imalimba kwambiri pakati pa maola 4 ndi 12, ndipo imatha kugwira ntchito pafupifupi tsiku lonse. Palinso yosakaniziratu, monga Mixtard 30, imene magawo 30 pa 100 ndi yofulumira ndipo magawo 70 ndi yochedwa. Lembani dzina la mtundu umene wodwala wanu amabaya pachikuto cha kabuku kake, ndipo mukalandira botolo la dzina lachilendo funsani musanachoke pa windo la mankhwala.

Kusunga mankhwala m'nyumba ya malata

Kutentha kwambiri kumawononga insulini, ndipo kuundana kumaiwononganso. Botolo losatsegula liyenera kukhala m'furiji pa madigiri 2 mpaka 8, pa shelufu ya pakati kapena m'bokosi la masamba, kutali ndi khoma la kumbuyo limene limachita ayezi. Lisalowe konse m'chipinda choumitsira nyama. Insulini imene inaundana yatha ntchito ngakhale itasungunuka n'kuoneka bwinobwino, ndipo ife tinataya botolo lathunthu motere pamene tinakasungitsa kwa mnansi amene, pofuna kutithandiza, analiika pamodzi ndi nsomba m'chipinda cha ayezi cha furiji. Ngati mukusungitsa kwa wina, pitani mukamusonyeze malo enieni ndi chala.

Botolo limene mwayamba kugwiritsa ntchito likhoza kukhala kunja kwa furiji kwa masabata anayi, malinga ngati lili pamalo ozizira bwino, osafika dzuwa, osapitirira madigiri 25 kapena 30 molingana ndi zimene zalembedwa pa pepala la m'bokosi lake. Vuto la kuno ku Lilongwe ndi miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kumapitirira madigiri 30 ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumakhala ngati mu uvuni. Komanso magetsi akathima tsiku lonse furiji imasanduka kabati wamba. Apa mtsuko wadothi ndi umene umapulumutsa. Tengani mtsuko waukulu wosapakidwa utoto, thiranimo mchenga woyera wa kumtsinje, khazikani kamphika kadothi kakang'ono pakati pake kuti mchenga uzungulire mbali zonse, kenako nyowetsani mchengawo ndi madzi. Botolo la insulini liikeni m'kachitini kapena m'kapepala ka pulasitiki komanga bwino musanaliike m'kamphikako, kuti madzi asafike pa chivindikiro cha labala ndiponso kuti pepala la dzina lisamatuke. Vindikirani pamwamba ndi nsalu yonyowa ndipo ikani mtsukowo pamthunzi podutsa mphepo, osati kukhitchini pafupi ndi mbaula. Madzi akamauma kudzera m'dothi amachotsa kutentha, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amakhala ozizira ngakhale masana a chilimwe. Mchengawo uziwazidwa madzi m'mawa ndi madzulo. Musamize botolo m'madzi mwachindunji monga amachitira ena, pakuti majeremusi a m'madzimo amatha kulowa ndi singano.

Ofufuza a yunivesite ya Geneva pamodzi ndi bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières anafalitsa mu 2021 zotsatira za kafukufuku wotengera kutentha kwa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene kumasinthasintha pakati pa madigiri 25 usiku ndi 37 masana, ndipo anapeza kuti insulini sinataye mphamvu yake kwa masabata anayi. Nkhani imeneyi iyenera kukhazika mtima pansi banja lopanda furiji, koma isakhale chifukwa chosiyira botolo pa zenera kapena m'galimoto yoima padzuwa, chifukwa chimene chinathandiza kumeneko n'chakuti usiku kunkazizira.

Tsiku lotsegula botolo lilembeni pa botolopo. Botolo la mamililita 10 lili ndi mayuniti 1,000, choncho munthu wobaya mayuniti 35 patsiku amalimaliza m'masiku 28, koma wobaya 20 angakhale nalo masiku 50, kutanthauza kuti lidzapyola nthawi yake lisanathe. Wotereyu akambirane ndi a kuchipatala za chochita. Musanabaye yang'anani botolo poyera. Yoyera ikachita mitambo kapena kusintha mtundu, ndiponso yamkaka ikachita timibulu tosasungunuka kapena kumatirira m'mbali mwa galasi ngati chisanu, isagwiritsidwe ntchito.

Kupopa ndi kubaya

Onetsetsani kuti sirinji ikugwirizana ndi botolo. Insulini yofala masiku ano imalembedwa U-100, kutanthauza mayuniti 100 pa mililita imodzi, ndipo imafuna sirinji yolembedwanso U-100. Sirinji ya U-40 ikagwiritsidwa ntchito pa botolo la U-100, munthu amalandira mankhwala ochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa amene akuganiza. Sirinji wamba yobayira mankhwala ena, yolembedwa mamililita okha, siyenera kulowa m'malo mwake. Onaninso kuti mzere umodzi pa sirinji yanu ukuimira yuniti imodzi kapena awiri, chifukwa masirinji amasiyana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi kufunsa namwino kawiri sikuchititsa manyazi.

Sambani m'manja ndi sopo. Ngati insulini ndi yamkaka, gubuduzani botolo pakati pa zikhatho pang'onopang'ono maulendo 10 mpaka 20 kufikira mtundu wake utafanana paliponse, osalikhutchumula mwamphamvu chifukwa limachita thovu. Kokerani mpweya m'sirinji wofanana ndi mayuniti amene mukufuna, ulowetseni m'botolo, tembenuzani botololo chadodolido, kenako kokani mankhwala kufika pa mzere woyenera. Mukaona timathovu, gogodani sirinji ndi chala kuti tikwere pamwamba, titulutseni, ndipo muonenso nambala, popeza pamene pakhala thovu ndi pamene pachepa mankhwala. Ngati dokotala anati muzisakaniza mitundu iwiri m'sirinji imodzi, yambani kukoka yoyera kenako yamkaka, kuti yamkaka isalowe m'botolo la yoyera n'kuisintha mphamvu. Wodwala amene maso ake ayamba kuchita chifunga asamapope yekha popanda wina womuonera nambala.

Insulini imabayidwa m'mafuta a pansi pa khungu, osati m'mnofu. Malo ake ndi pamimba, motalikira mchombo ndi zala ziwiri kapena zitatu, kutsogolo ndi m'mbali mwa ntchafu, kumtunda kwa matako, ndi kuseri kwa mkono. Pamimba ndi pamene mankhwala amalowa m'magazi msanga, pantchafu amachedwerapo. Tsinani khungu mofatsa ndi zala ziwiri, lowetsani singano molunjika, koma kwa mwana kapena munthu wowonda kwambiri ipendekeni pang'ono kuti isafike pa mnofu. Kankhani mankhwala onse, werengani mpaka 10, tulutsani singano, ndipo musatikite pamalopo.

Cholakwa chimene ndachiona kwambiri ndi kubaya malo amodzi tsiku ndi tsiku. Mnyamata wathu anapeza kamalo pantchafu yamanzere kamene sikankapweteka, ndipo anakhala akubaya pomwepo kwa miyezi mpaka panachita chotupa cholimba ngati theka la dzira. Shuga wake anayamba kusokonekera, lero wakwera, mawa watsika, ife n'kumaloza chala nsima. Namwino ndiye anagwira pantchafupo n'kutiuza kuti mankhwala obayidwa m'chotupa chotere salowa m'magazi mofanana. Muzisuntha pafupifupi mulifupi mwa chala kuchokera pamene munabaya komaliza, ndipo kamodzi pa sabata muzipapasa malo onse obaya. Mukasiya chotupa n'kusamukira pa khungu labwino, yezani shuga pafupipafupi masiku oyamba, chifukwa mayuniti omwe aja amagwira mwamphamvu kuposa kale.

Singano siyenera kubwerekana ngakhale pakati pa mayi ndi mwana, poopa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Masirinji akachepa, munthu mmodzi yemweyo amatha kubwereza yake kangapo ataivindikira bwino, koma ikabuntha, ikapindika kapena ikakhudza chinthu china itayidwe. Zotha ntchito muziponya m'botolo lolimba la pulasitiki lokhala ndi chitsekero n'kukalipereka kuchipatala, osati kudzala kumene ana amasewera.

Jakisoni ndi mbale ziyendere limodzi

Insulini ikalowa m'thupi siitulukanso, ndipo sidikira kuti ndiwo zipse. Wobaya yoyera kapena yosakaniza ayenera kudya pakatha mphindi 20 mpaka 30, choncho lamulo la m'nyumba mwathu ndi lakuti jakisoni sabayidwa mpaka phala kapena nsima itakhala pamoto. Munthu wodwala shuga sanaletsedwe nsima. Chofunika n'chakuti muyeso wake ukhale wofanana tsiku ndi tsiku ndiponso pa nthawi zofanana, mgaiwa ukhale patsogolo pa ufa woyera, ndipo masamba, nyemba, usipa kapena mazira zichuluke m'mbale. Thobwa ndi maheu othira shuga, zakumwa za m'mabotolo ndi tiyi wa masipuni atatu zimakweza shuga mofulumira kwambiri ndipo zisakhale za masiku onse. Wobaya yamkaka m'mawa amafunika kachakudya chapakati, monga nthochi imodzi kapena mtedza, dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo ambiri amafunikanso kena asanagone.

Masiku ovuta ndi amene ndondomeko ya pakhomo yasokonekera. Pamaliro chakudya chimachedwa ndipo anthu amayenda mtunda kupita kumanda. Nthawi yolima munthu amagwira khasu kuyambira m'bandakucha. Paulendo wa minibasi mukhoza kukhala pa depoti maola awiri kudikira kuti idzaze. Ntchito yolemetsa imatsitsa shuga, ngakhale patapita maola angapo itatha, choncho pa masiku otere nyamulani chakudya chanu ndipo musadalire kuti mukapeza kutsogolo. Amene akufuna kusala kudya pa zifukwa za mapemphero aonane kaye ndi dokotala. Mowa, makamaka kachasu womwa m'mimba muli pululu, umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa, ndipo munthu amatha kukomoka usiku ali m'tulo anthu n'kumayesa kuti ndi kuledzera chabe.

Ngati muli ndi kamakina koyezera shuga, dziwani muyeso umene kamagwiritsa ntchito. Tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL, ndipo kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ndi 18, moti 5 pa koyamba ndi 90 pa kachiwiri. Kwa anthu ambiri cholinga chimakhala pakati pa 4 ndi 7 mmol/L asanadye, pokhapokha dokotala atanena zina. Timapepala toyezera ndi todula, kotero ngati muli nato tochepa ndi bwino kusinthasintha nthawi yoyeza, lero m'mawa, mawa madzulo, mkuja asanagone, n'kusungako tina ta tsiku limene wodwala sakumva bwino.

Shuga akatsika

Ngozi imeneyi ndi yofulumira kuposa zonse, ndipo aliyense m'nyumba, ngakhale mwana wa sitandade 5, ayenera kuidziwa. Shuga amaonedwa kuti watsika akafika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL. Thupi limayamba ndi kutulutsa homoni ya adrenaline, n'chifukwa chake zizindikiro zoyamba zimakhala kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda mofulumira ndi njala yadzidzidzi. Akapitirira kutsika ubongo umasowa chakudya, ndipo munthu amasokonezeka, amalankhula zosamveka, amapsa mtima popanda chifukwa, amadzandira, mapeto ake amagwa ngati wakhunyu kapena kukomoka.

Tsiku lina madzulo mnyamata wathu atabwera ku mpira anakhala pakhonde ali zii, thukuta lili kamukamu pamphumi ngakhale kunja kunali kutazizira. Nditamufunsa anangoti, "Amalume, manja anga akunjenjemera," ndipo nditamupatsa kapu anaigwetsa. Kamakina kanaonetsa 2.8. Chochita pa nthawi yotere n'kumupatsa shuga wolowa msanga wokwana magalamu 15, omwe ndi masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunulidwa m'madzi, kapena theka la botolo laling'ono la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati uja wopanda shuga. Mwana wamng'ono amafunika wocheperapo. Mandasi, chokoleti ndi zitumbuwa n'zosathandiza pa mphindi zimenezi chifukwa mafuta amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ndipo ngati akadali pansi bwerezani. Akakwera mupatseni chakudya chokhalitsa monga buledi, mbatata kapena nsima, kuti asatsikenso. Ngati mulibe kamakina koma zizindikiro zilipo, perekani shuga basi. Kukwera pang'ono kwa kanthawi sikungamuphe, koma kutsika kungathe.

Munthu akakomoka kapena akalephera kumeza, musamuthire chakumwa m'kamwa, chifukwa chimalowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, pakani shuga wonyowetsa pang'ono m'kati mwa tsaya lake, ndipo thamangani naye ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi ku Area 25, ku Area 18, ku Kawale, ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central Hospital, kumene akamupatse shuga wa m'mtsempha. Mukafika musaime pamzere. Nenani mokweza kuti wodwalayo amabaya insulini ndipo wakomoka. Musamubaye insulini munthu wokomoka poganiza kuti shuga wakwera. Ndimaumirira kuti wobaya aliyense aziyenda ndi kakhadi m'thumba kolembedwa matenda ake ndi nambala ya foni ya mbale, chifukwa munthu wodzandira pa msika wa ku Area 2 amasekedwa ngati chidakwa ndipo anthu amamulambalala. Pambuyo pake fufuzani chimene chinachititsa, kaya kuchedwa kudya, ntchito yambiri kapena kulakwitsa nambala, ndipo zikachitika kawiri m'sabata imodzi bwererani kuchipatala tsiku lanu lisanakwane.

Masiku odwala, ndi mahomoni ena amene amalimbana ndi insulini

Munthu akadwala malungo, chibayo, chilonda chotukusira kapena matenda a njira ya mkodzo, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa cortisol ndi adrenaline wochuluka, ndipo mahomoni amenewa amakweza shuga ngakhale wodwalayo asakudya kanthu. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino, poganiza kuti popeza sakudya ndiye asabaye. Wodwala mtundu woyamba asasiye insulini ngakhale tsiku limodzi. Thupi likaisowa limayamba kuphwanya mafuta ake, ndipo m'magazi mumadzaza asidi wotchedwa ketones amene amatha kupha m'masiku ochepa. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, fungo la m'kamwa ngati la zipatso zovunda, ndi kuwodzera. Pa tsiku lodwala yezani shuga maola 3 kapena 4 aliwonse, mumwetseni madzi pang'onopang'ono koma kawirikawiri, mupatseni phala lamadzimadzi ngati nsima ikukanika, ndipo thupi likatentha akayezetse malungo tsiku lomwelo. Shuga akakhala pamwamba pa 15 mmol/L osatsika, kapena kamakina kakalemba HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kwambiri, kapena wodwala akamasanza chilichonse, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Dziwaninso kuti malungo aakulu ndi mankhwala a kwinini amatha kutsitsa shuga, n'chifukwa chake kuyeza kumaposa kungoganiza.

Ndiyenera kunena mosabisa za anthu amene amalonjeza kuchiza shuga ndi zitsamba kapena amene amauza wodwala kuti wachira ataye mankhwala. Sindiletsa munthu kupemphera, ifenso timapemphera, koma palibe mtengo kapena muzu umene umabwezeretsa maselo a kapamba amene anafa, ndipo mwana wa mtundu woyamba akasiyitsidwa jakisoni amafika pangozi sabata isanathe. Wachibale akabwera ndi botolo la mankhwala achikuda, mulandireni mwaulemu koma jakisoni apitirire.

Pali mahomoni enanso amene amasintha kuchuluka kwa insulini yofunika. Kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kamatulutsa homoni yokulitsa thupi, makamaka usiku, ndipo iyo pamodzi ndi cortisol imachititsa kuti ena adzuke ndi shuga wokwera ngakhale anagona ali bwino. Pa nthawi yotha msinkhu, anyamata ndi atsikana amafuna insulini yochuluka kuposa kale, ndipo makolo asafulumire kuwanena kuti akuba zotsekemera. Amayi ena shuga amawakwera masiku oyandikira kusamba, ndipo mayi wofuna kutenga pakati ayenera kuonana ndi dokotala asanaime, popeza shuga wokwera m'masabata oyambirira amavulaza mwana. Mankhwala a prednisolone ndi dexamethasone amagwira ntchito ngati cortisol, kotero aliyense wokulemberani mankhwalawa muzimuuza kuti mumabaya insulini. Chitetezo cha thupi chimene chinawononga kapamba chimathanso kugwira chithokomiro, kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi kamene kamalamulira liwiro la ntchito za thupi. Mukaona khosi likutupa, kapena wodwala akufooka, kumva kuzizira ndi kunenepa popanda chifukwa, kapenanso akuwonda, kutuluka thukuta ndi kugunda mtima nthawi zonse pamene shuga ali bwino, pemphani kuti amuyeze chithokomiro.

Tsiku la kuchipatala

Gulani kope la sukulu ndipo muzilembamo tsiku, nthawi, nambala ya shuga, mayuniti obayidwa, ndi chilichonse chachilendo monga mpira, maliro kapena kutentha thupi. Lembani zoona ngakhale nambala ili yoipa, chifukwa dokotala amasintha mankhwala potengera zimene mwalemba, ndipo nambala yokometsera imabweretsa muyeso wolakwika. Kumene kuli kotheka pemphani kuyezedwa HbA1c miyezi itatu iliyonse; kuyeza kumeneku kumasonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo kwa ambiri cholinga chimakhala pafupi ndi 7 peresenti. Maso, impso ndi mapazi ziyezedwe kamodzi pachaka, ndipo mapazi muziwayang'ana nokha madzulo alionse, mpaka pakati pa zala.

Musadikire kuti botolo lithe. Kuwerengera kwa mayuniti 1,000 kuja kukuuzeni tsiku limene lidzathere, ndipo mukatenge lina kutatsala sabata yathunthu, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi ya mvula pamene maulendo amavuta. Pobwerera kunyumba botolo likulungidwe m'kansalu konyowa ndi kuikidwa pakati pa chikwama, osati m'thumba la malaya kapena pafupi ndi injini ya minibasi.

Ngati wodwalayo ndi mwana wa sukulu, pitani nokha mukaonane ndi aphunzitsi ake kumayambiriro kwa teremu iliyonse. Afotokozereni kuti mwanayo akapempha kudya m'kalasi kapena kutuluka kukataya madzi aloledwe, kuti asapatsidwe chilango cha ntchito yolemetsa kapena chomuchedwetsa kudya, ndiponso kuti akaoneka wosokonezeka apatsidwe shuga asanafunsidwe mafunso ndipo asatumizidwe kunyumba yekha. Ife tinasiya kabotolo ka shuga ndi sipuni mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, tinaphunzitsa anzake awiri amene amayenda naye, ndipo m'thumba la kutsogolo la chikwama chake mumakhala maswiti asanu, nthochi kapena kachidutswa ka mbatata yophika, ndi kakhadi kaja kokutidwa ndi pulasitiki kuti kasanyowe ndi mvula.